Mlongo wanga wasankhidwa kupita ku Bunda: tiikemo chiyani m'foni yake?

Wa_ku_Chamama:
Moni nonse a pa gulu lino. Ndabwera ndi funso limene landisowetsa tulo kwa sabata yathunthu, podziwa kuti muno muli aphunzitsi, ophunzira a m'makoleji ndi ena amene anadutsa kale njira imeneyi. Mlongo wanga wamng'ono wasankhidwa kupita ku LUANAR, ku Bunda, ndipo ndiye woyamba m'banja mwathu kufika pamenepa. Ine ndinalekezera Fomu 2, choncho za ku yunivesite ndimangozimva kwa anthu. Titagulitsa soya chaka chino ndinamugulira foni ya Android yogwiritsidwapo kale ntchito, ya 32 GB. Laputopu sitingaikwanitse pakadali pano chifukwa fizi ndi malo ogona zikutidikirira. Mnyamata amene anandigulitsa foniyo anadzazamo zinthu zambirimbiri, koma nditayang'ana bwino ndinapeza kuti zambiri ndi za nyimbo, mafilimu ndi mpira. Kodi ndi mapulogalamu ati, ndiponso masamba ati a pa intaneti, amene amathandizadi mwana wa ku koleji pa maphunziro ake? Poyankha mukumbukire kuti kwathu kuno netiweki timakaipeza pa chulu cha kuseri kwa chigafa, ndipo bandulo ndizimugulira ndine, mwina kamodzi pa mwezi.

NaPhiri_Mtunthama:
Tikuyamika Mulungu chifukwa cha mtsikanayo, ndipo nanunso achimwene mwagwira ntchito yaikulu. Musanaikemo kanthu katsopano, yambani mwatseka mabowo amene bandulo imathawirapo. Pa WhatsApp pali malo oletsera foni kutsitsa yokha zithunzi, mavidiyo ndi mauthenga a mawu. Mukapanda kutero, gulu limodzi la kalasi likhoza kumaliza bandulo ya mwezi m'masiku ochepa, chifukwa aliyense amaponyamo chimene wafuna. Pa Play Store napo musankhe kuti mapulogalamu azidzikonza okha pokhapokha foni ikakhala pa Wi-Fi. Ine chaka changa choyamba ku sukulu ya unamwino ndinataya ndalama zambiri ndisanadziwe zinthu ziwiri zimenezi.

Mphunzitsi_wa_Sayansi:
Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Pa nkhani ya intaneti kwathu kuno mawuwa ndi oona kwambiri, chifukwa buku lako ndi limene lili kale m'foni mwako, osati limene ukuyembekeza kulitsegula netiweki ikabwera. Ndiye ine ndikafuna kuyesa pulogalamu iliyonse ndimafunsa funso limodzi: kodi ndikazimitsa data, ikhalabe ikugwira ntchito?

Muyambe ndi tsamba la OpenStax. Ndi la yunivesite ya Rice ya ku Texas, ndipo kuyambira 2012 akhala akutulutsa mabuku aulere a zaka zoyambirira za ku koleji, a Biology, Chemistry, Physics, masamu, Statistics ndi Economics. Si mabuku obedwa ayi, analembedwa ndi cholinga choti aliyense atsitse PDF yake n'kusunga. Wophunzira za ulimi sangathawe Chemistry, Biology ndi masamu, ndipo nthawi ya mayeso mabuku a pa shelefu amakhala ochepa poyerekeza ndi anthu owafuna. Zitsanzo za m'mabukuwa n'za ku America, zimenezo azizidziwa, koma atomu ya ku Texas ndi ya ku Chamama ndi imodzimodzi.

Chachiwiri ndi PhET, ya yunivesite ya Colorado. Ana athu ambiri ochokera ku ma CDSS amafika ku yunivesite asanagwirepo chipangizo cha mu labu, ndipo amachita manyazi pamaso pa anzawo ochokera ku sukulu zogonera konko. PhET imamulola mwana kulumikiza batire, waya ndi babu pa sikirini, n'kuona babu likuwala kwambiri kapena kuzirala akasintha kalumikizidwe, kapenanso kuthira madzi mu asidi n'kuona pH ikusuntha. Choyeserera chilichonse mungathe kuchitsitsa pachokha n'kumachitsegula popanda intaneti. Ine ndimagwiritsa ntchito zimenezi ndi ana anga a Fomu 4, ndipo ndaona mwana amene analoweza za magetsi kwa zaka ziwiri osamvetsa akuwomba m'manja yekha babu litayaka.

Khan Academy nayo ndi yaulere ndipo imalola kusunga mavidiyo m'foni, koma mavidiyo amadya malo. Azitsitsa a mutu umene ukumuvuta sabata imeneyo, akamvetsa afufute.

Mnyamata_wa_pa_Bua:
Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, njira mwafotokozayo ndi yakale. Masiku ano wophunzira amangofunika ChatGPT, kapena Meta AI imene ili kale mu WhatsApp. Munthu umafunsa funso, yankho limabwera nthawi yomweyo, ndipo mawu okha sadya bandulo ngati buku la masamba 1,000.

Wakale_wa_ku_Bunda:
Achimwene a pa Bua, ndiloleni ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine mwini, chifukwa nanenso ndinkaganiza ngati inu. ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022, ndipo pofika nthawi imene ndinkalemba kafukufuku wanga wa chaka chomaliza mapulogalamu a mtundu umenewu anali atachuluka, aliyense m'mahositelo akuwatama. Kafukufuku wanga anali wa anankafumbwe, momwe amaonongera chimanga m'nkhokwe ndi m'matumba. Usiku wina nditatopa ndinapempha pulogalamu ina yotere kuti indipatse mapepala khumi a kafukufuku wa nkhaniyi amene anachitika m'chigawo chapakati. Inandipatsa mndandanda wokongola, wokhala ndi mayina a olemba omveka achimalawi, zaka, mayina a ma journal (magazini a kafukufuku wa akatswiri), ngakhale manambala a masamba. Ndinaika zonsezo m'chaputala chachiwiri n'kukapereka.

Supavaiza wanga sanakalipe. Anatenga cholembera chofiira, nazunguliza mayina atatu, n'kunena kuti, "Mapepala awa ndikufuna kuwawerenga, undibweretsere Lolemba." Ndinafufuza Loweruka lonse ndi Lamulungu lomwe, pa Google Scholar, m'laibulale, paliponse. Atatu onsewo kunalibe, ndipo nditafufuza otsalawo ndinapeza kuti enieni anali anayi okha. Lolemba ndinaima mu ofesi muja manja ali kumbuyo, ndipo ndinanena zoona. Anandipatsa mwayi wolembanso chaputala chonse, koma ndinataya milungu itatu, ndipo chikhulupiriro chawo pa ine sichinabwerere msanga.

Chimene ndinamvetsa pambuyo pake n'chakuti mapulogalamu amenewa ntchito yawo yeniyeni ndi kulosera mawu amene akuyenera kutsatira mawu anzake, malinga ndi zolembedwa zambirimbiri zimene anaphunzitsidwa nazo. N'chifukwa chake akhoza kupanga dzina la pepala looneka loona pamene pepalalo kulibe, ndipo amalinena mosakayika konse. Mtsikanayu mumuuze kuti pepala lililonse limene wapatsidwa alifufuze yekha. Mapepala ambiri a masiku ano ali ndi nambala yotchedwa DOI, imene imayamba ndi 10 ndi kadontho. Akailemba pa doi.org imamufikitsa pa pepala lenilenilo, ndipo ikapanda kutero ayambe kukayika.

Mnyamata_wa_pa_Bua:
Pepani kwambiri ndi zimene zinakuonekeranizo, akulu. Komabe vuto linali kagwiritsidwe ntchito, osati chipangizocho. Khasu likakutema phazi sumasiya kulima.

NaBanda_wa_ku_Santhe:
Pamenepo ndigwirizana nanu pang'ono, a pa Bua. Ine ndili chaka chachiwiri ndipo ndimagwiritsa ntchito pulogalamu yotereyi, koma osati kuti indilembere. Lekichara akafotokoza mofulumira ndipo Chingerezi cha m'buku chikandikanika, ndimakopera ndime imodzi n'kuipempha kuti indifotokozere m'mawu osavuta, kenako ndimabwerera ku buku kukaona ngati zikugwirizana. Nthawi zina ndimaipempha kuti indifunse mafunso khumi pa mutu umene ndawerenga. Koma nditaifunsa za mitundu ya nthaka ya kwathu kuno ndi nthawi yobzala mtedza, zina zimene inayankha agogo anga akanazitsutsa pomwepo. Pa za Malawi imadziwa zochepa, ndipo ikasowa chonena siikhala chete.

Mphunzitsi_wa_Sayansi:
Mwanena bwino, a NaBanda. Muitenge ngati mnzanu wa m'kalasi wodziwa kulankhula, amene mumakambirana naye koma simungalembe dzina lake pa mndandanda wa magwero. Ndiwonjezere kuti m'chipinda cha mayeso mulibe foni, ndipo amene walemberedwa ma asayimenti chaka chonse amaonekera tsiku limenelo.

Wa_mu_Laibulale:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma poti nkhani yafika pa magwero ndiyankhulepo, chifukwa ndi ntchito imene ndimagwira tsiku ndi tsiku. Chimene chimandiwawa ndi kuona wophunzira akufika chaka chachinayi asanadziwe kuti sukulu yake ili ndi khomo lolowera ku ma journal amene kunja anthu amalipira ndalama zambiri kuti awerenge.

Pali mgwirizano wotchedwa Research4Life, umene umapereka mwayi kwa sukulu ndi mabungwe a m'mayiko osauka kuwerenga ma journal ndi mabuku a akatswiri, ndipo dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko amene salipira. Uli ndi nthambi zingapo. Hinari, imene bungwe la WHO linayambitsa mu 2002, ndi ya zaumoyo. AGORA, imene bungwe la FAO linayambitsa mu 2003, ndi ya zaulimi ndi chakudya, ndipo imeneyi ndiye ya mlongo wanuyo, bambo a ku Chamama. Palinso OARE ya zachilengedwe, ARDI ya zaluso ndi sayansi, ndi GOALI ya zamalamulo. Munthu salembetsa payekha, imalembetsa ndi sukulu. Choncho sabata yoyamba yomwe, asanazolowere n'komwe njira ya ku kafeteriya, apite kwa woyang'anira laibulale akafunse kuti, "Kodi ndingalowe bwanji pa AGORA, ndipo ndi masamba ena ati amene sukulu ino imalipira?" Malaibulale a m'dziko muno ali ndi mgwirizano wawo wa MALICO, umene umawathandiza kupeza zinthu zoterezi pamodzi. Safunsa anadya phula, ndipo funso limenelo silitenga mphindi zisanu.

Za Google Scholar, ambiri amaidziwa dzina koma saidziwa kagwiritsidwe kake. Ukafufuza, uyang'ane kudzanja lamanja kwa mutu wa pepala. Pakakhala mawu akuti PDF, ndiye kuti pepalalo ukhoza kulitsitsa. Pakapanda, udine pamene alemba kuti All versions, chifukwa nthawi zambiri wolembayo anaika kope lina laulere pa tsamba la yunivesite yake. Pamene alemba kuti Cited by pamakuonetsa anthu amene anagwiritsa ntchito pepalalo pambuyo pake, ndipo ukapeza pepala limodzi labwino la 2010, njira imeneyi imakufikitsa ku mapepala atsopano a nkhani yomweyo popanda kuyendayenda.

Pa kafukufuku wa kuno kwathu, African Journals Online, imene ambiri amangoti AJOL, imasonkhanitsa ma journal a mu Africa muno, ndipo Malawi Medical Journal imapezeka pomwepo. Wofuna chiwerengero cha anthu asatenge kwa munthu wolemba pa Facebook. Apite pa tsamba la National Statistical Office, pamene pali lipoti la kalembera wa 2018, amene anapeza anthu opitirira 17.5 miliyoni, ndipo chiwerengerocho anachigawa boma ndi boma, Kasungu yomwe ilimo. Ophunzira zamalamulo ali ndi MalawiLII, pamene pali malamulo a dziko lino ndi zigamulo za makhoti, zonse zaulere.

Wa_ku_Chamama:
Zikomo kwambiri nonse, ndikulemba zonsezi m'kope kuti ndisaiwale. Koma mtima wanga wayamba kugunda. Kodi zonsezi zingatheke pa foni yokha, kapena ndalakwitsa posagula laputopu?

Fundi_wa_Mafoni_KU:
Simunalakwitse, bambo. Kuwerenga, kufufuza ndi kusunga mabuku foni imakwanitsa. Muwonjezere memory card ya 32 GB kapena 64 GB ngati foniyo ili ndi polowetsa, koma mugule pa sitolo yodalirika, chifukwa pali makadi ena olembedwa 64 GB amene ukangodutsa pang'ono mafayilo amayamba kuonongeka.

Wakale_wa_ku_Bunda:
Ine ndisakunamizeni, kulemba asayimenti ya masamba 10 ndi zala ziwiri pa sikirini ndi chintchito chowawa, ndipo pofika chaka chachitatu, pamene ayamba kusanthula manambala a kafukufuku, laputopu idzafunika ndithu. Koma chaka choyamba akhoza kupirira. Aike Google Docs kapena WPS Office, zonse zimalola kulemba popanda intaneti. Mukapeza kandalama mumugulire kiyibodi yaing'ono ya Bluetooth, kapena kiyibodi wamba ya kompyuta pamodzi ndi kachingwe ka OTG koilumikizira ku foni. Mnzanga wina wa m'chipinda ankatsamiritsa foni pa kapu, kiyibodi ili patsogolo, n'kumalemba ngati ali pa kompyuta, kenako n'kukamalizitsa kukonza masamba ku labu ya makompyuta ya pa sukulu. Anamaliza chaka chonse motero ndipo anakhoza bwino kuposa ena a ife amene tinali ndi malaputopu.

Mayi_a_Mapasa:
Ine ndine kholo, ndipo ndinene mosabisa. Mapulogalamu abwino onsewa sangathandize ngati m'foni momwemo muli TikTok ndi masamba a juga ya mpira. Mwana wa mchemwali wanga anapita ku koleji ndi foni yabwino, ndalama ya chakudya inkathera kubetcha, ndipo anabwerera kunyumba chaka chisanathe. Achimwene, mufufute zonsezo musanamupatse foniyo.

NaBanda_wa_ku_Santhe:
Amayi, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo za kubetcha ndikugwirizana nanu kotheratu. Koma mtsikanayu ndi wamkulu tsopano, ndipo chimene mwafufuta lero akhoza kuchibwezera mawa ali ku Bunda. Kuli bwino kukhala naye pansi n'kumuonetsa malo a m'foni otchedwa Digital Wellbeing, amene amaonetsa maola amene wathera pa pulogalamu iliyonse ndipo amalola kuika malire. Ine nditaona ndi maso anga kuti ndathera maola anayi tsiku limodzi pa mavidiyo afupiafupi, palibe amene anachita kundiuza chochita.

Mayi_a_Mapasa:
Ndamva, mwanangu. Bola akambirane naye asananyamuke, osati atamva kale kuti zinthu zavuta.

Kalaliki_wa_pa_Boma:
Ndibwezere nkhaniyi ku maphunziro, chifukwa pali chinthu chimodzi chimene palibe wachitchula, ndipo ine chinandiliza misozi. Ndi kusunga ntchito yako malo oposa amodzi. Ndinkaphunzira dipuloma ndikugwira ntchito, ndipo lipoti langa lomaliza, la miyezi inayi, linali pa fulashi imodzi yokha. Kutatsala masiku awiri kuti ndipereke, ndinapita nayo pa malo ena osindikizira mapepala pa boma pano. Mtsikana wa pamenepo anailowetsa m'kompyuta yawo, ndipo mafoda anga onse anasanduka tizithunzi tosatseguka. Ndinayenda nayo kwa amisiri awiri, anabweza zina, koma chaputala chachinayi chinapita. Ndinachilembanso usiku wonse pa nyali ya sola kuchokera m'makope anga akale.

Aliyense amene ali ndi Gmail ali ndi 15 GB yaulere pa Google Drive, ngakhale kuti malowo amagawana ndi makalata ndi zithunzi. Fayilo ya mawu okha ndi yaing'ono kwambiri, siimaliza bandulo. Azizolowera kuti tsiku lililonse akamaliza kulemba aziitumiza kumeneko, kapena azidzitumizira yekha pa imelo. Popita kosindikiza asatenge fulashi yokhala ndi ntchito yake yonse, asandutse fayiloyo kukhala PDF n'kuitumiza kwa osindikizawo. Google Drive yomweyo ili ndi pojambulira mapepala ndi kamera n'kuwasandutsa PDF, choncho manotsi a pamanja, malisiti a fizi ndi makalata a sukulu akhoza kuwasunga momwemo. Foni ikabedwa m'minibasi, zonsezo amakazipeza pa foni ina, bola akumbukire pasiwedi yake.

Wa_mu_Laibulale:
Zimenezo n'zofunika kwambiri. Ndiwonjezere za kalembedwe ka magwero, chifukwa ana ambiri amataya mamalikisi pamenepa osati chifukwa chosadziwa phunziro. Akadzapeza laputopu aike Zotero. Ndi yaulere, inayambira ku yunivesite ya George Mason ku America mu 2006, ndipo imasunga pepala lililonse limene wawerenga pamodzi ndi dzina la wolemba, chaka ndi journal, kenako imakulembera mndandanda wonse mu Word m'kalembedwe kamene lekichara akufuna, kaya APA kaya Harvard. Pakadali pano, poti ali ndi foni yokha, atsegule zbib.org, tsamba la anthu omwewo. Safunika kulembetsa. Akaikapo DOI kapena nambala ya ISBN ya buku, limamulembera gwero lonse bwinobwino. Komabe aziwerenganso yekha, chifukwa nthawi zina dzina la bungwe kapena la munthu wa kuno limatembenuzidwa molakwika.

Mnyamata_wa_pa_Bua:
Za DOI ndi zbib sindinkazidziwa, ndipo ndayesa pompano ndi pepala limene ndikugwiritsa ntchito, zatheka. Pa AI sindinasinthe maganizo, ndizigwiritsabe ntchito, koma magwero ndiziwafufuza ndekha.

NaPhiri_Mtunthama:
Ndabweranso ndi imodzi imene inandipulumutsa pa maphunziro oloweza, monga mayina a mafupa ndi a mankhwala. Dzina lake ndi Anki, ndipo pa Android imatchedwa AnkiDroid, yaulere, yogwira ntchito popanda intaneti. Umalemba funso kutsogolo kwa khadi, yankho kumbuyo. Ukayankha mosavuta, khadilo limabisika kwa masiku angapo, kenako milungu, kenako miyezi. Ukalephera limabweranso posachedwa. Mwa njira imeneyi nthawi yako imathera pa zimene ukuiwala, osati kubwereza zimene ukuzidziwa kale. Ine ndinkayankha makadi anga ndili pa mzere wa chakudya ndiponso m'basi popita ku chipatala kokaphunzira ntchito. Kwa wophunzira zaulimi, mayina a Chilatini a mbewu, tizilombo ndi matenda a ziweto akhoza kulowa m'mutu mwa njira yomweyi. Langizo langa n'lakuti makadi azilemba yekha kuchokera m'manotsi ake, asatenge opangidwa ndi anthu ena, chifukwa kulembako ndiye theka la kuphunzira.

Agogo_Aphunzitsi_Opuma:
Ana anga, ine ndinaphunzira uphunzitsi kale kwambiri, nthawi imene buku limodzi tinkawerenga anthu asanu mosinthana, ndipo ndikusangalala kuona zimene muli nazo lero. Koma ndikuona kuti mwamutchulira munthuyu zinthu zambiri. Chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Mwana akapita ndi mapulogalamu 20 sadzatsegula ngakhale asanu. Musankhireni ochepa amene adzawagwiritsedi ntchito mwezi woyamba, enawo adzawapeza yekha akaona kusowa kwake.

Mphunzitsi_wa_Sayansi:
Agogo anena zoona, ndipo ine ndi amene ndinayamba kuchulutsa. Mwezi woyamba akhale ndi mabuku atatu a OpenStax m'foni, polembera pamodzi, Google Drive, ndi AnkiDroid. Zina zonse ndi masamba ongotsegula pa Chrome, sizifuna malo. Ndikanakonda kuwonjezera GeoGebra ya masamu, imene imajambula magirafu popanda intaneti, koma imeneyo adikire aone kaye ngati masamu akumuvuta.

Mlangizi_wa_ku_Nkhamenya:
Pali mbali ina imene tisaisiye, chifukwa imakhudza thumba la bambo a ku Chamama mwachindunji. Mayina a osankhidwa akangotuluka, pa WhatsApp pamadzaza mauthenga olonjeza thandizo la fizi, ena ali ndi chizindikiro cha boma, n'kumati tumizani kandalama kolembetsera pa nambala yakutiyakuti. Mwana wa mnansi wanga anatumiza ndalama imene amayi ake anagulitsira mbuzi, ndipo nambalayo inazima tsiku lomwelo. Za ngongole ya maphunziro muzitsatira zimene zalembedwa pa tsamba lenileni la Higher Education Students' Loans and Grants Board ndi zimene ofesi ya pa sukulu yanena. Za kusankhidwa ndiponso ngati koleji ndi yovomerezeka, muziona pa tsamba la National Council for Higher Education. Uthenga wochita kutumiziridwa ndi mnzako, ngakhale ukhale ndi chidindo, si umboni.

Mtsikanayu atsekenso WhatsApp yake ndi nambala yachinsinsi ya manambala 6, pa malo otchedwa Two-step verification, ndipo asapatse munthu aliyense nambala imene yabwera pa SMS, ngakhale wopemphayo atadzitcha mtsogoleri wa kalasi. Akuba akalanda WhatsApp ya mwana, oyamba kupemphedwa ndalama ndinu achibale.

Wa_ku_Chamama:
Zimenezi zandifika pamtima, chifukwa uthenga wotero unabwera kale pa foni yanga sabata yatha ndipo ndinatsala pang'ono kutumiza. Ndili ndi funso lomaliza. Mabuku mwatchulawo ndi aakulu, ndipo pa chulu pathu paja fayilo imaduka pakati. Ndingawapeze bwanji asananyamuke, kuti ayambe kuwerenga ali kunyumba?

Fundi_wa_Mafoni_KU:
Fayilo imene munthu mmodzi watsitsa siifunikanso kutsitsidwa ndi wina. Mafoni a Android ali ndi Quick Share, ena amagwiritsa ntchito Xender, ndipo zonsezi zimasamutsa mafayilo kuchoka pa foni kupita pa foni ina popanda bandulo, bola mafoniwo akhale pafupi. Mabuku a OpenStax amaloledwa kugawidwa motero. Palinso Kiwix, imene imasunga Wikipedia m'foni kuti uziwerenga popanda intaneti. Yonse ya Chingerezi ndi zithunzi zake ndi pafupifupi 100 GB, siingakwane, koma anaigawa m'zigawo zing'onozing'ono monga za Chemistry, masamu ndi zaumoyo.

Wa_mu_Laibulale:
Kiwix ndi yabwino poyambira kumvetsa mutu, koma adziwiretu kuti malekichara ambiri salola Wikipedia ngati gwero mu asayimenti. Aziwerenga nkhaniyo, kenako atsike m'munsi mwake pamene pali mndandanda wa mabuku ndi mapepala, afufuze amenewo.

Mphunzitsi_wa_Sayansi:
Bambo a ku Chamama, mabukuwo ine ndili nawo kale pa laputopu, pamodzi ndi zoyeserera za PhET zokwana 30 zimene ndimaphunzitsira. Loweruka likubwerali ndidzakhala pa boma kuyambira m'mawa mpaka masana. Mubwere ndi mtsikanayo pamodzi ndi foni yake, osati foni yokha, chifukwa ndikufuna adzatsegule yekha fayilo iliyonse ine ndikuona, ndipo adzapange makadi ake oyamba a Anki tili limodzi. Mundilembere kumbali kuti tigwirizane malo.

Wa_ku_Chamama:
Aphunzitsi, ndasowa mawu. Ndamuwerengera mlongo wanga zonse zimene mwalemba muno, kuyambira za mabowo a bandulo mpaka za anankafumbwe, ndipo walemba yekha m'kope lake funso lokafunsa ku laibulale sabata yoyamba. Za juga ndi mavidiyo takambirana dzulo madzulo pamaso pa amayi, ndipo mapulogalamu a mpira aja wafufuta ndi dzanja lake. WhatsApp tatseka kale ndi nambala yachinsinsi, yake ndi yanga yomwe. Loweruka tidzakwera galimoto yoyamba kuchoka ku Chamama, ndipo tikafika tidzayamba tagula memory card. A Fundi, ngati mudzakhalepo, ndikupempha kuti mudzatiyesere khadilo tisanalipire.

Fundi_wa_Mafoni_KU:
Ndidzakhalapo, bambo. Mudzabwere ndi chaja yake yomwe, chifukwa kusamutsa mafayilo ochuluka chotero kumamaliza batire.